Nkhani ya mazombi ili pa geti, osati pa mano

Funso lachokera kwa mnyamata wa ku Berea, mu mzinda wa Johannesburg: "Ine ndi anzanga tikufuna kujambula filimu ya mazombi m'fulati momwe tikukhalamu. Ndalemba masamba 85. Masamba 25 oyamba anzanga akuwakonda, koma akuti kuchokera pamenepo nkhani ikungozungulira: kuthawa, kubisala, wina kulumidwa, kuthawanso. Akutinso anthu anga 8 onse ndi ofanana, moti wina akafa palibe akumva chisoni. Kumapeto ndaika nkhondo yaikulu pa Nelson Mandela Bridge, asilikali n'kufika ndi mankhwala. Kodi nkhani yotere imamangidwa bwanji, nanga munthu amasintha bwanji m'kati mwake?"

Achimwene, anzanuwo musawakwiyire, akuuzani zoona. Masamba 25 oyamba amayenda okha chifukwa dziko likugwa, ndipo maso a munthu sachoka pa chinthu chimene chikugwa. Kugwako kukatha, mlembi amatembenukira kwa mazombi kuti ndiwo asenze nkhani mpaka kumapeto. Ntchito imeneyo sangaithe. Zombi sanama, sapangana ndi munthu, sachita manyazi, sasintha maganizo. Amene munamuonetsa pa tsamba 20 ndi yemweyo pa tsamba 80, kaya mwawachulukitsa kufika 500.

Ife okulira kumudzi timalowa m'nkhani imeneyi tili kale ndi chithunzi cha ndondocha m'mutu. Ndondocha ili ndi mwini wake. Pali wina amene anakhwima, anatenga mwana wa mlongo wake m'matsenga n'kumutsekera kuchipinda kuti chigayo chiziyenda. Nkhani yotere imakoka yokha chifukwa muli wolakwa ndiponso chinsinsi: anachita ndani, adzaululika liti, nanga mkazi wake amene amasiya mbale ya nsima pakhomo la chipindacho akudziwa zingati? Mafilimu oyambirira a mazombi analinso otero. Mu White Zombie ya mu 1932, momwe munasewera Bela Lugosi, nkhani ikuchitikira ku Haiti ndipo akufa akugwira ntchito pa chigayo cha nzimbe cha mbuye wawo. George Romero ndi amene anachotsa mbuyeyo mu 1968. Mu Night of the Living Dead akufa amangodzuka. Palibe wawatuma, palibe woti mukamugwira zonse zitha. Mafilimu a anthu othawa mazombi amene mumaonera pa foniwa anachokera pamenepo. Choncho mpando wa mdani ulibe munthu, ndipo oti aukhale ndi amoyo okhaokha. Mazombi ali ngati moto wa pansi pa mphika: awo n'kutentha basi, chimene anthu adye ndi chomwe mwaikamo inu.

Filimu ya Romero muionere, ndi yakuda ndi yoyera, anaijambula kufupi ndi Pittsburgh ndi ndalama zosapitirira madola 125,000. Anthu 7 atsekeredwa m'nyumba ya pafamu usiku umodzi. Ben, amene anasewera Duane Jones, akuti tikhale pamwamba, tikhomerere matabwa m'mawindo, tizitha kuona panja ndi kuthawa zikavuta. Harry Cooper akuti ayi, titsikire m'chipinda cha pansi pa nthaka, chili ndi khomo limodzi lokha loti n'kuliteteza. Filimu yonse yaima pa mkangano umenewu. Cooper ndi wamantha, wodzikonda, wolankhula mokwiyitsa, ndipo woonera amaima ndi Ben. Nzeru ya Ben yokathira mafuta m'galimoto imaphetsa achinyamata awiri, Tom ndi Judy, galimoto itaphulika. Nyumba ikagonja, Ben amapulumuka usikuwo pothawira m'chipinda chomwe chija ankachikana. Komabe Cooper sanalondole kwathunthu, poti m'chipindamo ndi momwe munali mwana wake wolumidwa, amene anadzuka n'kupha mayi ake. Aliyense wagwira theka la choonadi, ndipo palibe wofuna kumvera mnzake. Kukacha, gulu la amuna amfuti limamuona Ben ali m'nyumba, limamuyesa wakufa, n'kumuwombera pamphumi.

Funso limene lili pansi pa mafilimu abwino onse amtunduwu ndi la khomo. Ndani wagwira kiyi, atsegulira ndani, asiya ndani panja? Kusintha kwa mpangankhani kumayezedwa pamenepo. Simufunika kumulankhulitsa kuti "ndasintha". Mumuimike pakhomo kangapo, nthawi iliyonse mtengo wa kutsegula ukhale wokwera kuposa poyamba, ife tiziona dzanja lake.

Palibe filimu imene inachita zimenezi moonekera bwino kuposa Train to Busan ya Yeon Sang-ho, ya mu 2016, imene inaoneredwa ndi anthu oposa 11 miliyoni ku South Korea kokha. Ndichedwapo pang'ono chifukwa mafupa ake amaoneka ndipo mungawatsatire ndi pensulo. Seok-woo amayendetsa ndalama za anthu olemera, banja linatha, amakhala ndi mwana wake wamkazi Su-an. Zombi asanaoneke ndi mmodzi yemwe m'moyo wawo, tauzidwa kale matenda a bamboyu: pa tsiku lobadwa la mwana amamugulira chidole cha masewero a pa TV chomwe anamugulira kale, osakumbukira. Mwanayo anasiyira nyimbo panjira pa chionetsero cha kusukulu chifukwa bambo ake kunalibe. Tinthu tiwiri tating'ono, ndipo tonse tidzabweranso. Akwera sitima ya KTX kuchoka ku Seoul kupita ku Busan kwa mayi ake. Matenda akabuka m'mabogi, Seok-woo amatseka chitseko pamaso pa mwamuna wina, Sang-hwa, ndi mkazi wake woyembekezera, ndipo amatsegula mwana wake atakuwa. Patapita kanthawi mwanayo amapatsa mpando gogo wina, bambo ake n'kumulangiza kuti nthawi ngati ino uziyamba waganiza za iwe mwini. Pa siteshoni ya Daejeon amaimbira foni munthu amene amamudziwa kuti iye ndi mwana wake atulukire njira yawoyawo, anzawo onse apite kokatsekeredwa. Mwana amamuuza maso ndi maso kuti amangosamala za iye yekha, n'chifukwa chake amayi anachoka. Ndiye kenaka zinthu zimatembenuka: mwanayo amapulumutsidwa ndi anthu omwe aja anawatsekera panja. Atamenya nkhondo kudutsa mabogi angapo, amafika pa chitseko cha bogi ya opulumuka n'kupeza chamangidwa, ndipo wochimangitsa ndi Yon-suk, bwana wa kampani, wovala suti ngati iye. Tsopano wotsekeredwa panja ndi iyeyo, ndipo Sang-hwa amafera pamenepo akutchinga mazombi ndi thupi lake.

Yon-suk muzimuyang'anitsitsa. Si mdani wongotoledwa. Ndi Seok-woo yemweyo akanakhala kuti sanasinthe. Amayamba ofanana, mmodzi amakwera, wina amatsika, ndipo pampondachimera amagwirana awiriwa. Mukapeza munthu wanu wamkulu, funsani kuti m'fulatimo ndani ali ndi matenda ofanana ndi ake koma sadzachira. Ameneyo ndiye woti akhale pampando wopanda munthu uja.

Musanalembenso tsamba lina, gamulani chinthu chimodzi chimene alembi ambiri amachisiya lendelende: kuchoka pa kulumidwa kufika pa kusanduka pamatenga nthawi yaitali bwanji? Yankho lake limasankha mtundu wa filimu yonse. Mu 28 Days Later ya Danny Boyle, ya mu 2002, ndi masekondi 10 mpaka 20. Palibe kutsanzikana. Selena amadula mnzake Mark ndi chikwanje asanamalize n'komwe kudzikanira, ndipo Frank, dontho limodzi la magazi litamugwera m'diso, amangokhala ndi nthawi youza mwana wake kuti amamukonda n'kumukankhira kutali. Filimu yotere imafunsa kuti mtima wako ungaume msanga bwanji. Mu Cargo ya ku Australia, ya mu 2017, ndi maola 48, ndipo nkhani yonse ndi ya bambo wolumidwa amene akusaka munthu womusiyira khanda nthawi isanathe. Pamenepo funso ndi loti uchita nayo chiyani nthawi yotsalayo. Inu, ndi ndalama zochepa komanso nyumba imodzi, sankhani kusanduka kochedwa, tsiku limodzi kapena awiri. Kumakupatsani munthu wobisa bala m'kati mwa juzi, mkazi womunamira mwamuna wake kwa anzawo, msonkhano wa pa masitepe wokambirana zoti amuchite chiyani iye akumva. Zonsezi sizifuna magazi ambiri, zimafuna osewera abwino. Lamulolo mulionetse msanga pa munthu amene sitikumudziwa kwenikweni, kuti likadzagwera amene timamukonda tizidziwerengera tokha maola. Ndipo musalipinde. Ngakhale Train to Busan ndimaidandaula apa: anthu wamba amasanduka nthawi yomweyo, koma otchuka amapatsidwa mphindi zolankhula mawu otsiriza. Woonera amaona zimenezo, ndipo mantha amachepa.

Tsopano pakati, pomwe pakuumirani. Tsamba limodzi la sikiripiti limakhala pafupifupi mphindi imodzi pa kanema, ndiye kuyambira tsamba 25 mpaka 70 ndi mphindi 45 zimene anthu anu akungosamuka. Kusamuka pakokha si vuto. Vuto ndi chimene chikuwasamutsa. Ndikukayika kuti m'masamba anuwo chitseko chimangothyoka chifukwa mazombi achuluka. Chikathyoka chokha katatu, woonera amadziwa kuti akukankha ndi mlembi. Malo aliwonse obisalamo agwe chifukwa cha chimene wina m'gulumo wachita, ndipo achite chifukwa cha khalidwe limene tinaliona kale. Mu Dawn of the Dead ya Romero yemweyo, ya mu 1978, anthu 4 amalanda msika waukulu wa Monroeville Mall. Roger amalumidwa chifukwa cha matama, atayamba kusewera ndi ngozi potseka makomo ndi malole. Kenaka Romero amachita chinthu chimene alembi atsopano amachiopa: amawasiya apambane. Ali ndi zakudya, zovala, mfuti, ndalama zopanda ntchito. Amadya bwino, amavala bwino, ndipo amayamba kuola ndi kusungulumwa. Gulu la achifwamba a njinga zamoto likathyola msikawo, Stephen amayamba kuwombera chifukwa mumtima mwake katunduyo wasanduka wake, ndipo mapeto ake amayambira pomwepo. Mu 28 Days Later chimodzimodzi: amatsatira uthenga wa pa wailesi mpaka kufupi ndi Manchester, amapeza asilikali, mpanda, chakudya chotentha, kenaka n'kuzindikira kuti mkulu wa asilikaliwo analonjeza anyamata ake akazi. Pakati penipeni pa filimu, anthu anu apeze chimene akhala akuchifuna, chikhale chowola m'kati. Theka loyamba amathawa akufa, theka lachiwiri amalimbana ndi chimene iwo eni asanduka.

Tibwere ku Berea. Ponte, nyumba ya nsanjika 54 yomangidwa mu 1975, mumaiona tsiku lililonse. Akunja anabwera kudzajambulamo Resident Evil: The Final Chapter chifukwa m'maso mwawo ikuoneka ngati dziko latha kale. Iwo anabwereka makoma. Inu muli ndi chimene iwo analibe: mumadziwa amene amagona m'kati mwa nyumba zoterezi, mmene chipinda chimodzi chimagawidwira ndi makatani, amene amasunga kiyi wa geti lachitsulo la pa masitepe, ndi mmene anthu amayang'anirana lendi ikachedwa. C.J. Obasi anachita zotere ndi Ojuju mu 2014, atatenga dera lothithikana la ku Lagos ndi madzi ake oipa n'kupanga filimu imene munthu wa kwina sakanailemba.

Ndikupatseni chitsanzo cha munthu, mukhoza kumutenga kapena kumutaya. Mukudziwa mmene zimakhalira Mmalawi akamwalira kuno ku Joni. Uthenga umazungulira pa WhatsApp, anthu amasonkha, wina amathamangira mapepala ku mochale ndi ku maofesi, bokosi limakwezedwa m'ngolo ya kumbuyo kwa galimoto, ulendo wa ku Beitbridge, Nyamapanda, Tete, Zobue mpaka pa Mwanza, kumudzi adzukulu akudikira kuti akumbe. Pagulu lililonse pamakhala bambo mmodzi wosunga buku la zopereka. Tiyeni timutenge ameneyo. Ulemu wake wonse uli pa mawu amodzi: palibe wa kwathu amene anasiyidwa m'dothi la eni ake ine ndilipo. Koma ali ndi matenda ake. Kwa iye munthu ndi amene dzina lake lili m'bukumo. Sini yoyamba, mazombi kulibe, timuone akubweza mayi wamasiye chifukwa malemu analumpha miyezi itatu osasonkha. Achite mwaulemu, ndi mawu ofatsa, akutseka buku pang'onopang'ono. Ali ndi zifukwa zomveka: akalola mmodzi, thumba litha. Tsopano dziko likugwa, kiyi wa geti wagwera m'manja mwake chifukwa anthu amamukhulupirira, ndipo akuyamba kutsegula potsatira bukulo. Gogo wachizulu wa khomo loyandikana, amene wakhala akumupatsa moni zaka zonsezi, m'buku mulibe. Mnyamata wa ku Zimbabwe wokonza mafoni mulibe. Mayi wamasiye uja mulibe.

Ndiye mng'ono wake alumidwe. Apa filimu yanu idzasiyana ndi ya ku America iliyonse. Lamulo la mazombi limati phwanya mutu, taya thupi, thawa. Lamulo la bamboyu limati thupi lisambitsidwe, likulungidwe, lipite kwawo, mayi ake alione nkhope. Mzungu wa mu filimu amalira mphindi imodzi n'kuwombera. Munthu wathu sangathe, ndipo woonera wa ku Mangochi kapena ku Ntcheu adzamumvetsa mpaka m'mafupa pomwe akumubisa mng'ono wakeyo m'bafa, atamumanga ndi chitenje, akunamiza anthu omwe anamupatsa kiyi. Iye amene anatsekera ena panja chifukwa cha chitetezo ndiye walowetsa imfa m'kati. Malo awo obisalamo agwe chifukwa cha chikondi chake, osati chifukwa loko anali wofooka. Ndipo amene adzamuthandize kuchita mwambo wochepa umene ungatheke padenga, madzi a m'botolo limodzi ndi nsalu ya pabedi, akhale gogo uja anamusiya panja. Kuchokera pamenepo, ulendo womaliza wa pa geti udzalemba wokha.

Chipulumutso chowola cha pakati chija, kuno simuchita kuchisaka. Galimoto ya boma idutse ndi chimkuzamawu: onse apite ku bwalo la masewero, atenge ziphaso zawo. Theka la gulu lanu lisangalale. Theka linalo liyang'anane, poti pasipoti inatha kalekale ndipo mawu oti "ziphaso" kwa iwo amatanthauza Lindela ku Krugersdorp, malo otsekerako anthu oyembekezera kubwezedwa kwawo. Gulu lagawika popanda zombi ndi mmodzi yemwe pa kanema, ndipo mbali zonse ziwiri zili ndi theka la choonadi, ngati Ben ndi Cooper. Ambiri amene adzaonere filimu yanu akukumbukira May 2008, pomwe ziwawa zinayambira ku Alexandra n'kupha anthu 62, anthu akugona pabwalo la polisi, mabasi akubwera kudzatenga a kwathu. Akudziwa kale phokoso la gulu likubwera mumsewu usiku. Chifukwa cha chimenecho ndikupemphani mosamala: musasandutse mazombi kukhala eni dziko, ife n'kukhala oyera mtima otsekeredwa m'kati. Ndi bodza, ndipo filimu yake imakhala yosauka. Mwa anthu 62 aja, 21 anali a ku South Africa konkuno. Ndiponso kwathu, mu 2017, mphekesera za anamapopa ku Mulanje ndi ku Phalombe zinaimitsa anthu m'misewu ndi zibonga, osalakwa n'kuphedwa ndi anansi awo. Mantha akagwira gulu sasankha mtundu. Yon-suk wanu akhale wa kwathu, mwina amene amabwereketsa timalo ta makatani tija, wolankhula Chichewa chokoma, wopemphera mokweza.

Za anthu 8 ofanana aja. Achepetseni afike 5 kapena 6, ndipo musawasiyanitse ndi zovala kapena ntchito zokha. Asiyane pa yankho lawo ku funso la geti. Wina akuti tsegulirani aliyense. Wina akuti athu okha. Wina akuti amene ali ndi chotipatsa. Wina alibe maganizo, amatsatira amene wakuwa kwambiri, ndipo ameneyo ndi woopsa kuposa mmene amaonekera. Aliyense akhalenso ndi kanthu kamene ankakafuna dziko lisanagwe ndipo sakanakasiya: ndalama za malata zosokerera mu pilo, foni yodikira uthenga wa mwana wodwala ku Zomba. Munthu wongofuna kukhala moyo basi sitimulira, chifukwa aliyense amafuna zimenezo.

Si onse ayenera kusintha. Su-an ndi Sang-hwa sasintha, ndiwo muyezo umene timayezera Seok-woo. Ena amayenda chobwerera: Selena wa mu 28 Days Later amayamba ali wouma, akunena kuti akhoza kupha mnzake aliyense mosazengereza, ndipo kusintha kwake konse kumaonekera pa kamphindi kamene amaimitsa chikwanje m'mwamba pomwe mnzake Jim walowa ali magazi okhaokha. Akazi musawalembe ngati katundu wonyamulidwa. Barbra wa mu Night of the Living Dead ya mu 1968 amakhala pampando ali kakasi pafupifupi filimu yonse, ndipo atabwereza filimuyo mu 1990, Romero mwini analemba Barbara wogwira mfuti amene amapulumuka. Fran wa mu Dawn of the Dead, ali woyembekezera, amaumirira kuti amuphunzitse kuyendetsa helikopita, ndipo ndi iye amene amaiulutsa pomaliza. Mayi wamasiye wanuyo angakhale munthu wamphamvu kuposa onse m'fulatimo.

Pa imfa, lamulo langa ndi limodzi: munthu afe pomwe kufa kwake kusinthe mkangano wa otsala. Akafa amene ankati tsegulirani aliyense, atafa chifukwa chotsegula, ouma mtima amapambana ndipo nyumba imazizira. Akafa amene ankagwirizanitsa anthu, otsala amayang'anana opanda mkhalapakati. Ngati mungachotse imfa ina m'sikiripiti koma sini yotsatira n'kukhala chimodzimodzi, imfayo ndi yongodzazira masamba. Yesani izi ndi makadi: sini iliyonse pa kadi yake, mulembe amene wasankha chinthu, chimene wasankha, ndi chimene chatayika. Kadi imene mwalembapo kuti "athawa" basi, iikeni pambali. Mudzapeza kuti zambiri za pakati pa tsamba 25 ndi 70 zapita pambali, ndipo zotsalazo ndizo filimu yanu.

Mathero anu ndikuwakana, ndipo ndinena chifukwa. Asilikali obwera ndi mankhwala amayankha funso limene filimu sinafunse. Ife sitinakhale mphindi 80 tikudabwa ngati sayansi ipambane. Timadabwa ngati bambo wa buku uja atsegule. Chipulumutso chikachokera kunja, zonse zimene anthu anu avutika nazo zimasanduka kudikira chabe. Ngakhale amene ali ndi ndalama zankhaninkhani anaphunzira izi mowawa: World War Z ya mu 2013 inajambulidwa ndi nkhondo yaikulu ya ku Russia kumapeto, eni ake ataiona anaitaya, n'kujambulanso mathero ena a anthu ochepa akuyenda mwakachetechete m'makonde a labotale ku Wales. Asilikali akhoza kuoneka, koma akhale mayeso omaliza, osati mphatso. Taonani mmene Night of the Living Dead ndi Train to Busan amathera pa chithunzi chimodzi: munthu wamoyo akuonekera patali, wamfuti akumuloza, osadziwa ngati ndi munthu. Ben amawomberedwa chifukwa palibe amene anafunsa. Su-an, akutuluka m'mphanga ya njanji ndi mayi woyembekezera uja, amapulumuka chifukwa akuimba nyimbo ija anaisiyira panjira kusukulu, ndipo msilikali amaimva. Romero akuti anthu sanaphunzire kanthu, Yeon akuti chimene bambo anasintha chafika kwa mwana. Zonse ziwiri n'zoona m'mafilimu awo, chifukwa zinabzalidwa kuyambira pachiyambi. Inu musankhe chimene mumakhulupirira za anthu a m'fulati mwanu, mukabzale mbewu yake m'masamba 10 oyamba.

Nkhondo ya pa mlatho ija ilinso ndi vuto lina. Kutseka msewu wolumikiza Braamfontein ndi Newtown kumafuna chilolezo cha mzinda ndi ndalama zimene mulibe, ndipo anyamata othamanga mumsewu wa Johannesburg ndi mfuti zoseweretsa, nkhope zili magazi, akhoza kukumana ndi mfuti zenizeni. Chonde musayese. Jambulani m'kati, mutagwirizana ndi woyang'anira nyumba ndi anansi onse, ana adziwe kuti ndi sewero. Ndalama zimene mukanawonongera pa mlatho mugulire maikolofoni yabwino ndi nyali ziwiri za batire. M'masitepe amdima, zikhatho zomenya geti lachitsulo nsanjika zitatu pansi zimaopsa kuposa mazombi 100 opakidwa utoto wotchipa, ndipo anthu 6 okha akhoza kupanga phokoso limenelo.